Kusintha netiweki ya foni ku Malawi: njira zinayi ndi zimene iliyonse imafuna

Kuno kwathu munthu sasamuka ndi nambala yake. Mukachoka ku Airtel, nambala yanu ya 099 kapena 098 imatsala komweko, ku TNM n'kukupatsani ina ya 088. Wochoka ku TNM nayenso zimamuchitikira zomwezo. Achibale a ku Joni akamakuuzani kuti mungosintha kampani, nambala ikhala yomweyo, akunena zoona za kumene ali, poti ku South Africa zimenezo zinayamba mu 2006. Kuno kusintha netiweki n'kusintha nambala, ndipo nambala masiku ano ili ndi ntchito zambiri. Ndiyo imene banki imatumizako kodi, ndiyo akaunti ya Mpamba kapena Airtel Money, ndiyo WhatsApp, ndiyonso inalembedwa ndi penti pakhoma la shopu. Zina mwa ntchitozi zimasamuka m'mphindi zisanu, zina zinazika mizu, ndipo nzeru yonse yagona pozisiyanitsa.

Makampani akuluakulu a foni za m'manja ndi awiri. TNM inayamba mu 1995. Airtel inabwera mu 1999 ndi dzina la Celtel, n'kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, ndipo ndiyo ili ndi makasitomala ambiri. Pa msika wa anthu awiri mitengo siitalikirana nthawi yayitali: wina akatulutsa bandulo yokopa, mnzake sachedwa kuyankha. N'chifukwa chake kusamuka pongotsatira zotsatsa za mwezi uno kumakhala kwa ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Zoti muyeze musanasankhe

Yambani ndi malo. Kampani ikamati ili m'boma lonse imanena zoona, koma inu mumagona m'chipinda chimodzi ndipo mumagwira ntchito pamalo amodzi. Phiri, chigwa, denga la malata kapena khoma lokhuthala zimatha kusiyanitsa nyumba ziwiri zoyandikana. Timizere ta pamwamba pa foni sitinena zonse. Pa foni ya Android lowani mu Settings, About phone, kenako SIM status, muone nambala yothera ndi dBm. Pa 4G, -80 kapena -90 ndi mphamvu yabwino, -100 ndi yapakati, ndipo ikafika -110 kapena -115 ndiye kuti muli kumapeto kwenikweni kwa nsanja, kumene mawu amaduka ndipo batire imatha msanga chifukwa foni ikulimbana kuti imveke.

Pali matenda awiri amene anthu amawasokoneza. Oyamba ndi kutalika kwa nsanja, ndipo nambala ya dBm imawaonetsa. Achiwiri ndi kuthithikana. Mphamvu ili bwinobwino, timizere tonse tadzaza, koma pakati pa 7 koloko ndi 10 koloko usiku chithunzi chimodzi chikukanika kutseguka, m'bandakucha n'kumathamanga. Pamenepo nsanja ili pafupi koma anthu oigwiritsa ntchito achuluka, zimene si zachilendo m'malo odzaza anthu ngati Ndirande, Mbayani, Mchesi kapena pafupi ndi mahositelo a ophunzira. Kampani ina ikhoza kukhala yopepuka pamalo omwewo, kapena yodzazanso chimodzimodzi. Mawu a mnzanu wokhala ku dera lina sangakuuzeni.

Njira yodziwira ndi yotchipa. Gulani simu khadi ya kampani inayo, ilembetseni, muikemo kabandulo kakang'ono ka tsiku, muyese kwa sabata yathunthu m'malo omwe mumakhaladi: kuchipinda, kuntchito, pa msewu umene mumayenda. Yesani m'mawa, madzulo, komanso makamaka magetsi atathima kwa maola angapo, chifukwa apo m'pamene zimaoneka ngati mabatire ndi jenereta ya pa nsanja zikugwira ntchito. Mapulogalamu oyezera liwiro ngati Speedtest amadya data yambiri, pa 4G yothamanga kuyeza kamodzi kumatha kupitirira 50MB, choncho n'kwabwino kungotumiza kanema mmodzi yemweyo pa malaini onse awiri n'kuwerenga masekondi.

Pa mtengo, musayerekeze zolembedwa pa chikwangwani. Yerekezani zimene mumamalizadi. Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti bandulo ina ndi K10,000 ya 10GB ya masiku 30, ina ndi K6,000 ya 5GB ya masiku omwewo. Pa pepala yoyambayo ndiyo yotchipa, K1,000 pa GB. Koma ngati inu mumamaliza 4GB yokha pa mwezi, mwalipira K2,500 pa GB iliyonse imene mwagwiritsa ntchito, pamene yachiwiriyo ikanakudyerani K1,500. Foni imasunga kale mbiri imeneyi mu Data usage: onani miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Werenganinso timawu ting'onoting'ono ta pansi. Gawo lina la bandulo limatha kukhala la usiku wokha kapena la WhatsApp ndi Facebook zokha, ndipo bandulo yotchedwa yopanda malire imakhala ndi malire a liwiro. Mitengo imasinthanso. Zida za makampaniwa zimagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mabandulo imaunikidwanso. Tsimikizani mtengo pa foni pompo tsiku limene mukusankha.

Kenako anthu anu. Tsegulani mndandanda wa mafoni amene munaimba mwezi watha muwerenge anthu khumi amene mumalankhula nawo kwambiri: angati ali pa 099, angati pa 088? Mphindi za m'mabandulo ambiri zimatchipa poimbira a netiweki yomweyo, ndipo kutumiza ndalama kuchoka ku Mpamba kupita ku Airtel Money, kapena kubwerera, n'kotheka koma kumakhala ndi mtengo wakewake. Amayi kumudzi, wogulitsa katundu amene mumaodako ndi eni nyumba akakhala onse mbali imodzi, ndiye kuti akusankhirani kale theka la nkhaniyi.

Pa za maejenti, chikwangwani pa kanyumba si ndalama. Chofunika ndi floti, ndalama zimene ejenti ali nazo zogwirira ntchito. Funsani maejenti awiri kapena atatu a pafupi ndi kwanu ngati angakutapitseni K200,000 tsiku la msika kapena kumapeto kwa mwezi, ndi pa akaunti ya kampani iti.

Chomaliza, foni yeniyeniyo. Pali anthu amene akutukwana netiweki pamene vuto lili m'manja mwawo: foni ya 3G yokha, simu khadi yakale imene sinasinthidwe kukhala ya 4G, kapena foni imene inagwapo n'kuwonongeka polandirira mphamvu. Ikani simu khadi yanu mu foni ya mnzanu pamalo omwewo. Ikathamanga, kampani ilibe mlandu.

Njira yoyamba: kukhala pomwe muli n'kukonza kagwiritsidwe

*Mtengo.* Palibe cholipira chatsopano, ndipo nthawi zambiri ndalama zimene mumati kampani ikuba zimapezeka m'malo atatu. Oyamba ndi data yodya mayunitsi bandulo ikatha, pa mtengo wokwera kwambiri kuposa wa bandulo. Ikani malire mu Data warning and limit, ndipo musasiye mayunitsi ambiri mu foni data ili yoyatsa. Achiwiri ndi zinthu zodzitsitsa zokha: uzani Play Store kuti izikonzanso mapulogalamu pa Wi-Fi pokha, letsani WhatsApp kutsitsa yokha makanema a m'magulu, zimitsani makanema odziyambira okha pa Facebook. Achitatu ndi timautumiki tolipira tsiku ndi tsiku, monga nyimbo zomvera woimba foni kapena mauthenga a mpira, timene munavomera podina batani mosadziwa. Imbani 121 ngati muli pa Airtel, kapena 105 ngati muli pa TNM, akuuzeni zonse zimene laini yanu inalembetsa, muchotse zosafunika. Ngongole ya mayunitsi, Kutapa ku Airtel kapena Pasavute ku TNM, imabwezedwa ndi kachiwongola dzanja. Woitenga mlungu uliwonse amalipira kwambiri kuposa mnzake amene amagula bandulo ya mwezi.

*Kupezeka.* Ndi ya aliyense, lero lomwe. Simu khadi yakale amakusinthirani ku shopu ya kampani, nambala osasintha, mukapita ndi chiphaso cha unzika.

*Kusamalira.* Kuyang'ana Data usage kamodzi pa mwezi, basi.

*Zoopsa.* Njira imeneyi siichiza kutalika kwa nsanja kapena kuthithikana. Ngati muyeso wa sabata uja waonetsa kuti kampani inayo ili bwino kwambiri kwanuko, kukakamira n'kungodzizunza. Madandaulo amene kampani yalephera kuwathetsa mukhoza kupita nawo ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, koma sungani nambala ya dandaulo lanu ndi mauthenga oonetsa zimene anakudulani. Popanda zimenezo nkhani imavuta kuitsata.

Njira yachiwiri: kusamukiratu, laini yakale n'kuisiya

*Mtengo.* Simu khadi yokha ndi ndalama yochepa. Zodula zili kwina. Pali thiransipoti yopita ku nthambi ya banki kukasinthitsa nambala, ndi tsiku lantchito limene lithere pa mzere. Pali ndalama yotapira kapena kusamutsira zimene zili mu akaunti yakale. Mabandulo ndi mayunitsi otsala samasamuka. Wabizinesi awonjezepo penti ya pakhoma, zomata pa galimoto, mabuku a malisiti ndi chidindo. Chodula kuposa zonsezi sichioneka: kasitomala amene anasunga nambala yanu zaka zitatu zapitazo, waimba lero, sinapezeke, wapita kwa wina ndipo simudzadziwa.

*Kupezeka.* Kuyambira 2018 laini iliyonse imayenera kulembetsedwa, ndipo kwa nzika chimafunika ndi chiphaso cha unzika chochokera ku NRB. Lembetsani m'dzina lanu, inu muli pomwepo. Simu khadi yogula pa msewu yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina imaoneka yachidule, koma tsiku limene idzatayike kapena nambala yachinsinsi idzatsekeke, ku shopu adzafuna mwini dzinalo, ndipo ndalama zanu zidzakhala zili mkati. Chimodzimodzi laini yolembetsedwa m'dzina la amuna anu, akazi anu kapena mwana wanu: imayenda bwino mpaka tsiku limene pagwe maliro kapena kusamvana.

*Kusamalira.* Apa dongosolo la zochita ndilo lofunika, chifukwa ambiri amayamba ndi chimene chimayenera kukhala chomaliza. Musataye laini yakale tsiku loyamba. Yambani ndi kukopera manambala a anthu amene anasungidwa mu simu khadi yakale, muwaike mu foni kapena mu akaunti ya Google. Tsegulani akaunti ya ndalama pa laini yatsopano, *211# ku Airtel Money, *444# ku Mpamba, muyese kutumiza ndi kulandira kandalama kochepa muone ngati dzina likutuluka lolondola. Bwezani ngongole iliyonse ya pa laini yakale. Kenako banki. Mo626 ya National Bank, *247# ya Standard Bank ndi *525# ya FDH zonse zimazindikira mwini akaunti ndi nambala ya foni, kotero nambala ikasintha banki isanadziwe, simungalowe ndipo mauthenga a malipiro azipita ku laini imene mwaisiya.

Pa WhatsApp musachotse pulogalamu n'kuyambiranso. Lowani mu Settings, Account, Change number, mulembe nambala yakale ndi yatsopano. Magulu onse ndi macheza zimasamuka, ndipo mukhoza kusankha kuti anthu adziwitsidwe. Mukatero ikaninso nambala yachinsinsi ya Two-step verification. Chitani chimodzimodzi pa Google ndi Facebook laini yakale ikadali yamoyo, chifukwa nthawi zina amayamba atumiza kodi ku nambala yakaleyo asanavomere yatsopano.

Otsala ndi anthu amene amakutumizirani ndalama osaimba kaye: abwana kapena ofesi ya malipiro, msungichuma wa banki m'khonde, m'bale wa kunja amene anasunga nambala yanu ku Mukuru kapena WorldRemit. Amenewa auzeni ndi pakamwa, osati ndi uthenga wokha. Chifukwa chake n'chodziwika: uthenga wakuti "ndasintha nambala, ndalama ija tumizani pa iyi" ndi womwewo umene akathyali amatumiza tsiku lililonse, ndipo munthu wochenjera sangaukhulupirire. Olandira thandizo la boma kapena la mabungwe kudzera pa foni, monga zimakhalira ndi Mtukula Pakhomo m'maboma ena, asasiye laini imene inalembedwa m'kaundula asanalankhule ndi a komiti kapena a ku ofesi ya boma.

Zonsezi zikatha, tapani ndalama zotsala, koma laini yakaleyo isungeni yamoyo kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, mukuona amene akuimbabe.

*Zoopsa.* Laini imene yakhala nthawi osagwira ntchito kampani imaitseka, ndipo pakapita nthawi nambalayo imagulitsidwa kwa munthu wina. Mwini watsopanoyo sanalakwe chilichonse, koma ndiye azilandira makodi a akaunti iliyonse imene munaiwala kusintha, akhoza kutsegula WhatsApp pa nambala imene abale anu akuidziwa kuti ndi yanu, ndipo ndalama yotumizidwa mosayang'ana dzina imagwera kwa iye. Choopsa china n'chakuti netiweki imasintha. Nsanja imene ili yopepuka chaka chino ikhoza kudzaza chaka chamawa, ndipo kubwerera kumafuna ulendo wonse uja kachiwiri.

Njira yachitatu: malaini awiri mu foni imodzi

Iyi ndiyo Amalawi ambiri anasankha kale popanda wowalangiza, ndipo mafoni a itel, Tecno ndi Infinix odzaza m'misika yathu amabwera ndi malo a simu khadi ziwiri. Imapindulitsa ngati laini iliyonse yapatsidwa ntchito yake. Nambala yakale, imene anthu ndi banki akuidziwa, ikhale yolandirira mafoni, makodi ndi ndalama. Yatsopano ikhale ya data, popeza data ndiyo imadya ndalama zambiri ndipo ilibe nazo ntchito kuti nambala yanu ndi iti. WhatsApp imapitiriza kugwira ntchito pa nambala yakale ngakhale data ikuchokera ku laini inayo. Ambiri sadziwa zimenezi, n'kumasintha nambala ya WhatsApp popanda chifukwa.

*Mtengo.* Simu khadi imodzi yowonjezera, ndi timayunitsi tosungira laini yachiwiri yamoyo. Phindu n'lakuti mwezi uliwonse mumagula data kumene yatchipa kapena kumene ikuthamanga, ndipo aliyense mumamuimbira pa netiweki yake. Koma pali msampha. Bandulo yaikulu imatchipa pa GB kuposa ing'onoing'ono, ndiye mukagawa ndalama yanu pawiri n'kumagula timabandulo ta tsiku uku ndi uku, mumalipira kwambiri kuposa wa laini imodzi amene amagula ya mwezi. Ndalama zokhala m'maakaunti awiri zimavutanso kuzitsata, ndipo kuzisamutsa uku ndi uku kumadula.

*Kupezeka.* Foni ya malo awiri, kapena ya malo amodzi yolola eSIM (simu khadi ya mkati mwa foni, yosachita kulowetsa), monga ma iPhone atsopano ndi ma Samsung ena. Onetsetsani musanagule: pa mafoni ena otchipa, laini imodzi yokha ndiyo imakhala pa 4G, inayo n'kutsikira pa 2G. Pa ena malo achiwiri ndi omwewo a memori khadi, musankhe chimodzi.

*Kusamalira.* Mu SIM settings sankhani laini ya data, ndipo pa kuimba muike kuti izifunsa nthawi iliyonse. Mukapanda kutero mudzaimbira wa 088 ndi mayunitsi a Airtel mphindi za TNM zili phwii. Zipatseni mayina malainiwo. Laini imene simuigwiritsa ntchito kwambiri muziimbira foni imodzi kapena kuikamo mayunitsi mwezi uliwonse, ndipo funsani ku shopu kuti imatsekedwa pakapita masiku angati. Dziwaninso kuti pa mafoni ambiri mukamalankhula pa laini imodzi, inayo imakhala ngati yazima: okuimbirani amamva kuti simukupezeka, ndipo data imaima mpaka mutamaliza. Batire nayo imatha msangako, makamaka ngati laini imodzi ili pamalo ofooka n'kumangosakasaka nsanja. Kumudzi kumene kutchaja n'kolipira, zimitsani laini yofookayo mpaka mutaifuna.

*Zoopsa.* Foni ikabedwa, zapita zonse ziwiri, maakaunti awiri a ndalama pamodzi. Ikani nambala yachinsinsi pa simu khadi iliyonse, ndipo ya Mpamba isafanane ndi ya Airtel Money, isakhalenso chaka chobadwa. Musaganizenso kuti malaini awiri ndi chitetezo chokwanira magetsi akavuta. Mu 2022 nsanja za Airtel zinagulidwa ndi kampani ya Helios Towers, imene ntchito yake ndi kubwereketsa nsanja kwa makampani a foni, ndipo m'malo ena zida za makampani onse awiri zili pa chitsulo chimodzi, zikudalira jenereta imodzi. Dizilo akatha pamenepo, kapena msewu wopitako ukaduka monga zinachitikira m'maboma a kummwera nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, malaini onse awiri amazima limodzi.

Njira yachinayi: nambala ikhale, intaneti ichoke mu foni

Ngati dandaulo lanu ndi la intaneti ya panyumba kapena pa ofesi, foni musaikhudze. Gulani MiFi (kachida ka m'thumba kogawa Wi-Fi) kapena rauta ya 4G ya kampani imene yapambana pa muyeso uja, kapena Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023.

*Mtengo.* Pamafunika ndalama yogulira chida poyamba. MiFi ndiyo yotchipa, rauta ili pakati, Starlink ndi yodula kwambiri pogula komanso pa mwezi, ndipo imamveka pokhapokha ogwiritsa ntchito ali ambiri kapena intanetiyo ndiyo ikubweretsa ndalama. Banja la anthu asanu aliyense akugula kabandulo kake ka tsiku nthawi zambiri limapulumutsa pogula bandulo imodzi yaikulu ya rauta, bola pakhale lamulo pa makanema. Wi-Fi ikangolowa m'nyumba mafoni onse amayamba kudzitsitsira zimene ankadikira, ndipo bandulo ya mwezi imatha pa 12.

*Kupezeka.* Rauta imafuna 4G pamalopo, koma imakoka bwino kuposa foni chifukwa mukhoza kuiika pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, pamwamba, osaisuntha. Kuisuntha mamita awiri okha nthawi zina kumasintha zinthu. Starlink siidalira nsanja. Imafuna thambo loonekera bwino, popanda mitengo yophimba, ndi magetsi okhazikika.

*Kusamalira.* MiFi ili ndi batire yakeyake, imene imatupa ikamakhala pa chaja usana ndi usiku. Rauta imazima magetsi akathima, pokhapokha mutaigulira kabatire kosungira mphamvu. Starlink yaikulu imadya mawati 50 kapena kuposa nthawi yonse imene yayaka, choncho pa sola muwerengere batire yoti ifike m'mawa. Sinthani pasiwedi imene chidacho chinabwera nayo.

*Zoopsa.* Ma MiFi ndi marauta ogulitsidwa ndi kampani ya foni nthawi zambiri amakhala okhomedwa kuti azilandira simu khadi ya kampani yomweyo. Mukadzafuna kusintha, chidacho chimasanduka chokongoletsera pa shelefu. Chosakhomedwa chimadulirapo koma chimakusiyirani ufulu. Ndipo njira imeneyi siithandiza pa kuimba wamba, pa makodi a banki kapena pa *211# ndi *444#: zimenezo zimafunabe nsanja.

Ndani atenge iti

Wabizinesi amene nambala yake ili pa zikwangwani ndi m'mafoni a makasitomala asaisiye, ngakhale itamukwiyitsa bwanji. Awonjezere laini yachiwiri, ndipo alandire ndalama pa Mpamba ndi pa Airtel Money pomwe, kuti kasitomala asabwerere chifukwa cha mtengo wotumizira ku netiweki ina.

Amene wasamutsidwa pa ntchito, mphunzitsi kapena wazaumoyo wopita ku dera kumene laini yake siikoka ndipo maejenti ake kulibe, ndiye woyenera kusamukiratu. Achite za ku banki asananyamuke m'tauni, chifukwa kumene akupitako nthambi ikhoza kukhala ulendo wa tsiku lathunthu. Wachinyamata amene nambala yake sinamangidwe ku banki kapena ku bizinesi angasamukenso mosavuta. Kwa iye ntchito yaikulu ndi WhatsApp, Facebook ndi kuuza a kunyumba.

Amene netiweki imakoka bwino kwawo koma mayunitsi amangosowa ayambe ndi njira yoyamba kwa mwezi umodzi. Akasamuka ndi foni yomweyo yodzitsitsira makanema, adzapeza kuti kampani yatsopanoyo nayonso "ikuba".

Agogo kumudzi amene ali ndi kafoni ka mabatani, ntchito yake kulandira mafoni ndi ndalama kwa ana, musawasinthire laini chifukwa choti inu m'tauni mwasintha. Chofunika kwa iwo ndi ejenti wa pafupi amene amamudziwa ndi nambala yachinsinsi imene anailoweza. Mtengo wotumizira ku netiweki ina muusenze ndinu, kapena sungani laini ya kampani yawo yowatumizira.

Oyenda mtunda wautali, madalaivala a malole ndi mabasi, ogula mbewu m'midzi, atenge malaini awiri, chifukwa palibe kampani imene ili bwino pa msewu wonse. Iwowa, pamodzi ndi okhala m'malire monga ku Mchinji, Mwanza, Muloza, Songwe ndi m'mbali mwa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, alowe mu Network operators azimitse kusankha kwa foni yokha, asankhe kampani yawo ndi dzanja, azimitsenso Data roaming. Kupanda kutero foni imatha kudumphira pa nsanja ya ku Mozambique, Zambia kapena Tanzania munthu ali pakhonde pake, mayunitsi n'kumadulidwa pa mtengo wa mlendo.

Banja, kasukulu, chipatala chaching'ono kapena ofesi ya anthu angapo itenge rauta yosakhomedwa ngati 4G ilipo. Kumene kulibe, monga malo ogona alendo a kutali kunyanja kapena famu ya kuseri kwa phiri, Starlink pa sola ndiyo yotsala, foni iliyonse n'kukhalabe ndi laini yake yolandirira makodi ndi ndalama.

Amene ali kunja koma akufuna kusunga nambala ya kumudzi chifukwa cha banki asunge yekha simu khadiyo, osati mu foni ya m'bale. Aonetsetse asananyamuke kuti laini yatsegulidwa kulandira mauthenga kunja, ndipo aziikamo mayunitsi mwezi uliwonse kudzera ku banki kapena kwa wachibale kuti isatsekedwe.